Kwa madala a magetsi ku Biwi: check engine inazima osagula sensa

Amene muli ndi magalimoto akale aja a ku Japan olowera pa Songwe, ndipo kanyali kachikasu ka check engine kanayaka kalekale mpaka munakazolowera, pali kagalaja kena ku Biwi kuno ku Lilongwe komwe ine ndaona kuti ntchito amaidziwa. Kulibe chikwangwani, ndi madala ena a magetsi a galimoto ndi anyamata awo basi, pansi pa shedi ya malata. Ndikuuzani zabwino zake ndi zonyansa zake zomwe, poti zilipo.

Yanga ndi Corolla ya 2003, injini ya 1NZ ija ili mbwee m'tauni muno. Vuto linali loti ikaima pa maloboti imanjenjemera ngati izima, petulo imamwa mopitilira, nde kanyali kaja phee osazima. Ndisanafike kwa madalawa ndinazungulira ndithu. Wina anangomasula waya wa batire, kudikira pang'ono, kubwezera, nyali yazima, ndalama walandira, koma ndisanafike ndi kunyumba komwe yayakanso. Kuchotsa batire kumangopangitsa kompyuta ya galimoto kuiwala zomwe inasunga, ikayenda n'kuonanso vuto lomwelo imayatsanso basi. Wina anali ndi mashini yowerenga zomwe kompyuta ya galimoto yasunga, anawerenga nambala ya vuto (code) P0171 nkunena kuti oxygen sensor, sensa ya pa ekizozi yoyeza mpweya wotsala mu utsi, yafa tigule ina. Wachitatu nde anandiseketsa, akuti bwana timasule dashibodi timate kanyaliko ndi tepi yakuda muziyenda mwamtendere kkkk.

Madalawa nawonso anayamba ndi mashini, analumikiza pa soketi ija ili pansi pa chiwongolero, ya mabowo 16, ndipo inatulukanso P0171 yomweyo. Kusiyana kwake kunali pa zomwe anachita atawerenga. Anati "achimwene, nambala iyi sikunena kuti sensa yafa, ikunena kuti mu injini mukulowa mpweya wambiri kuposa petulo, sensayo yangokuuzani." Kunena zoona kuthamangira kusintha sensa pamenepa kuli ngati kumenya mwana amene wabwera kudzakuuza kuti mbuzi zalowa m'munda.

Nde anasiya injini ikulira, mashini ali m'manja, nkundionetsa manambala ena amati fuel trim, oonetsa kuti kompyuta ikuonjezera petulo wochuluka bwanji pofuna kuti zinthu zilingane. Galimoto ikakhala bwino nambalayo imasewera pafupi ndi zilo, yanga inali m'mwamba zedi ikangoima, koma mnyamata akaponda moto imatsika. Akuti zikatero ndiye kuti penapake pakuba mpweya, chifukwa injini ikaima imakoka mpweya wochepa nde kabowo kakang'ono kamasokoneza kwambiri, pomwe ikathamanga kabowoko sikamveka. Likanakhala vuto la pampu ya petulo kapena fyuluta yotsekeka zikanaipa kwambiri pothamanga osati poima. Zimenezi palibe makaniki anandifotokozerapo chigulireni galimotoyi.

Kenako anatenga sipule ija yotsukira kabyuleta nkumapopera pang'onopang'ono pa mapaipi a labala, khutu lili pa injini. Atafika pa kapaipi kochokera pa chivindikiro cha injini kupita ku manifodi, mapaipi olowetsa mpweya mu injini, kulira kunasintha pompo. Anakazula, pamwamba kamaoneka kabwinobwino koma atakapinda ndi zala kunsi kwake kunatseguka pakamwa, labala yauma gwa ndi kutentha kwa zaka zonsezi. Kapaipi kotalika ngati chala basi, ndi komwe kakhala kakundidyera ndalama.

Sanalekere pomwepo, anamasulanso sensa ina, yoyeza mpweya wolowa mu injini, ija ili pa bokosi la fyuluta, ya masikuluwu awiri, nkundionetsa timawaya tating'ono mkatimo titakutidwa ndi fumbi lofiira lathu lomwe lino. Anatsuka ndi sipule yake yapadera osakhudza ndi chilichonse, akuti ukangoti upukute ndi kansalu kapena kamtengo waononga. Fyuluta ya mpweya nayo inali itabooka, chifukwa cha chizolowezi chathu chija chomangoipopa ndi kompulesa pa sevisi m'malo mogula ina, ndiye fumbi limangodutsa. Zomwe ndinagula ndi kapaipi ndi fyuluta, oxygen sensor yomweyo yakale ilipobe ndipo ikugwira ntchito, nyali sinayakenso, kunjenjemera kunatha.

Chinanso chomwe ndinawakondera, ndinali ndi kamashini kanga kotchipa ka Bluetooth, ELM327, kaja umalumikiza ndi foni. Pa galimoto ya mnzanga kamawerenga koma pa yanga kamangokana. Ndimaona ngati ndinagula kakufa, koma madala akuti ayi, ku America lamulo la OBD2, loti magalimoto azilankhula ndi mashini m'njira zofanana, linayamba 1996 nde magalimoto a kumeneko kuyambira chakacho amamvana ndi mashini aliyense, pomwe ena akale opangidwira msika wa ku Japan konko soketi ndi yomweyo koma timashini totchipati sitimvana nawo. Sanandinyoze kuti ndinataya ndalama, anangoti kasungeni kakuthandizani pa galimoto ina.

Ndili pompo panabwera mayi wina ndi Vitz, nyali yake siimangoyaka koma imaphethira. Madala anasiya zonse nkumuuza kuti azimitse kaye. Kuphethira kumatanthauza kuti silinda ina sikuotcha, petulo wosapsa akupita ku ekizozi ndipo akhoza kuotcha catalytic converter, chipangizo cha mu ekizozi choyeretsa utsi, chomwe ndi chinthu chodula kwambiri. Mashini inati P0302, silinda yachiwiri, iwo m'malo momugulitsa makoyilo onse anayi, aja opereka moto ku mapulagi, anangosinthanitsa koyilo ya 2 ndi ya 3, vuto linasamukira pa 3, basi wakuba wagwidwa, koyilo imodzi yokha. Za catalytic zomwezi amanena poyera kuti ngati anakuchotserani kale, poti anthu amazifuna chifukwa cha platinum ndi palladium zili mkatimo, nyali ya P0420, nambala yonena kuti catalytic sikugwira bwino ntchito, izibwerabe ndipo iwo sakunamizani kuti aizimitsa mpaka kale.

Tsopano zonyansa. Kudikira kwake eee, ukafika mochedwa upeza mzere ndipo madala sathamanga, galimoto iliyonse amaimvetsera ngati alibe ina. Pokhala palibe, ndi pa tayala lakutha kapena uime padzuwa. Foni sayankha akagwira ntchito, ukaimba kawirikawiri imangolira. Lisiti kulibe, ngati ndi galimoto ya kuofesi yofuna mapepala mudzavutika. Zipangizo sagulitsa, amakulembera pakapepala upite wekha ukagule, zomwe mbali ina nzabwino chifukwa sakuikira zapamwamba koma ngati galimoto yamasulidwa kale ndiye kuti ndi kabaza ulendo wonsewo. Komanso anyamata awo amalowa m'galimoto ndi maovolosi a oyilo, yalani kaye chitenje pampando apo ayi mudzalira.

Mtengo woikira mashini ndi wokwererapo kuposa anyamata a m'mbali mwa msewu, ndipo amalipiritsa ngakhale musakonzetse. Ine sindinadandaule poti sensa yomwe ndimafuna kugula ija inali yodula kuposa zonse ndinalipira tsikulo kuphatikiza kapaipi ndi fyuluta. Amalandira Airtel Money ndi Mpamba.

Mukafuna kupita lawirirani m'mamawa, ndipo chonde musachotse batire kapena kulola wina afufute ma code dzulo lake, madala amakwiya nazo chifukwa mashini imapeza mulibe kanthu nde amakubwezani kuti mukayende kaye mpaka iyakenso.