Nokia 105: kafoni kamabatani koyenera agogo kumudzi

TNM itayamba mu 1995 ndipo Celtel (imene lero ndi Airtel) nkubwera mu 1999, foni yam'manja inali ya mabwana. Lero mdzukulu akagula foni yatsopano, yakale yogwira pagalasi amaitumiza kumudzi, poganiza kuti wawakweza agogo. Nthawi zambiri amakhala atawasenzetsa katundu: batire lotha dzuwa lisanalowe, galasi losamva chala chouma ndi khasu, ndiponso mayunitsi odyedwa ndi intaneti imene agogowo sanaitsegule. Kwa munthu wofuna kumva mawu a ana ake ndi kulandira ndalama, Nokia 105 ndi yabwino kuposa mphatso yoteroyo.

Mtundu wa 2019, wopangidwa ndi kampani ya HMD Global, uli ndi sikirini ya mainchesi 1.77, batire lochotseka la 800 mAh, tochi pamwamba, wailesi ya FM, ndipo umasunga manambala mpaka 2,000. Ulipo wa simu khadi imodzi ndi wa ziwiri. Gulani wa ziwiri, chifukwa kumidzi yambiri Airtel imagwira pakhonde pomwe TNM imagwira pachulu, kwina nkukhala mosemphana. Batire limatha masiku angapo, koma kumene netiweki ndi yofooka limafulumira kutha, poti foni imalimbikira kusaka nsanja. Apo vuto si batire.

Za ndalama palibe chosowa. Airtel Money pa *211# ndi Mpamba pa *444# zimayenda popanda bandulo, ndipo mabatani amene amamveka pansi pa chala amachepetsa kulakwitsa nambala.

Zofooka zilipo. Zilembo ndi zazing'ono kwa maso okalamba. Wailesi ya mtundu wa 2019 imafuna mahedifoni chifukwa waya wake ndiye eriyo; mtundu wa 2023 umalira popanda. WhatsApp mulibe, kamera mulibe, ndipo apa mpamene achinyamata amakaonera pansi kafonika, ena mpaka kuchita manyazi kukatulutsa pagulu. Komabe kudandaula kwa agogo nkomveka: mwana ali pamphasa pomwepo koma maso ali pagalasi, moni osayankha. Kutaya kwenikweni ndi zithunzi za zidzukulu za ku Johannesburg, zomwe agogo adzazionera pafoni ya wina.

Musanapereke, ikonzeni. Polowa simu mpamtundu waukulu wakale, choncho simu yodulidwa imafuna kachimango kake. Popanda iko imasuntha, foni nkumati mulibe simu, ndipo kuikankha ndi singano kumathyola timapini ta mkati. Simuyo ikhale yolembetsedwa ndi chiphaso cha agogo eniake, osati cha mdzukulu, apo ayi ikatayika kubwezeretsa nambala ndi ndalama zake kumakhala mlandu. Ikani manambala ofunika pa mabatani 2 mpaka 9 kuti akangodina nkugwiritsa, foni iimbe yokha. Sungani mayina monga amaitanira iwo, "Nambewe" kapena "abusa", osati mayina a pachiphaso. Kwezani kulira kwake mpaka pamapeto, ndipo aphunzitseni kutseka mabatani, chifukwa foni yomangidwa pansonga ya chitenje imaimba yokha nkumaliza mayunitsi. Muwauzenso mobwereza kuti PIN sauza munthu, ngakhale woimbayo atanena kuti ndi wa kukampani, ndipo uthenga woti "ndatumiza ndalama molakwitsa, mundibwezere" asauyankhe asanaone balansi.

Mafoni achinyengo adzaza m'misika. Dinani *#06# ndipo nambala yotuluka, yotchedwa IMEI, imene imazindikiritsa foniyo, ifanane ndi ya pabokosi komanso ya pansi pa batire. Chimene chimayamba kufa ndi polowetsa tchaja, pa micro-USB, makamaka foni ikamatchajidwa kwa otchajitsa pamsika kumene chingwe chimodzi chimalowa m'mafoni ambirimbiri. Tumizani ndi chingwe chakechake. Batire likatupa mpaka chivindikiro kukana kutseka, lichotseni tsiku lomwelo, mugule lina la nambala yofanana ndi yolembedwa pa lakalelo.