Kauntala yanga inachedwa masabata atatu ku Luwinga

Makasitomala angapo akhala akundifunsa komwe ndinapangitsa kauntala ya m'golosale yanga ya ku Katoto kuno ku Mzuzu, ndiye ndati ndingolemba kamodzi. Inapangidwa pa shopu ina ya makalipentala ku Luwinga, malo oti fungo la utuchi limakulandira usanaone n'chikwangwani chomwe. Dzina sinditchula, chifukwa pali zina zoti ndidandaule, ndipo eni ake ndi bambo amene ndimawapatsa ulemu.

Ndinapitako kumapeto kwa Okutobala 2023, ndikufuna kauntala imodzi ndi mashelefu anayi a paini. Tinamvana mtengo, ndinalipira theka pa Airtel Money, mnyamata wina n'kundilembera lisiti yokhala ndi tsiku lodzatenga katundu. Masabata awiri asanathe, pa 9 Novembala, kwacha inatsika mphamvu ndi 44 peresenti. Amene munali pa bizinesi nthawi imeneyo mukukumbuka mmene zinalili. Guluu, vanishi, misomali, zonse zinakwera usiku umodzi. Ine ndinangokhala chire kudikira foni yoti ndiwonjezere ndalama. Foniyo sinabwere, mpaka ndinanyamuka ndekha kukafunsa.

"Mayi, pa lisiti paja tinalemba zingati?" anandifunsa eni shopuwo, pensulo ili pakhutu. Ndinatchula. "Basi, ndi zomwezo. Wobwera mawa ndiye amva mtengo wa mawa."

Ndikudziwa kuti pa ntchito yanga ija sanapezepo kanthu. Ineyo sabata yomweyo ndinali nditakweza shuga yemwe ndinapikula pa mtengo wakale, ndiye pobwerera ndinali phee mu takisi.

Tsiku lolembedwa pa lisiti litakwana, kauntala kunalibe. Apa ndiye ndinalusa, chifukwa lendi ya shopu ndinali nditalipira kale ndipo katundu anali m'makatoni. Bamboo sanadziteteze ndi mawu ambiri. Ananditengera kuseri komwe anasanja matabwa, mzere uliwonse atauyika timitengo pakati kuti mphepo izidutsa, n'kundipatsa zidutswa ziwiri zofanana msinkhu. China chinali chopepuka, chinacho cholemera ndi chozizira ngati chachokera m'madzi. Anati ndichigunditse patsaya. Matabwa anga anali a mtundu wachiwiriwo. Anafotokoza kuti paini wambiri wa ku Chikangawa masiku ano amadulidwa asanakhwime, poti mitengo ikuluikulu ya m'nkhalango ija inatha ndi macheka ndi moto, ndipo kuno ku Mzuzu, ndi chinyezi chathuchi, thabwa siliuma msanga ngati ku Karonga kapena ku Salima. Ukalikhoma lili laliwisi limaoneka bwino tsiku loyamba, koma likamauma limafota ndi kupindika, molumikiza n'kuyasama.

"Ndikhoza kukukhomerani lero," anatero, "koma Epulo akamafika mudzanditukwana mumtima."

Ndinadikira masabata atatu, ndikung'ung'udza tsiku lililonse. Kauntala ija lero ilibe mpata woti n'kulowetsa ngakhale chikhadabo.

Anandikaniranso china. Ndinkafuna kuti pamwamba pake akhomepo mlombwa, ndipo ndinali nditamva za munthu amene amabweretsa matabwa ake usiku pa mtengo wabwino. Iwo anati mlombwa ndi mbawa zopanda mapepala a zankhalango sizilowa pa geti pawo. Lamulo la zankhalango linakhwimitsidwa mu 2020, koma tonse tikudziwa kuti matabwa oterewa akuyendabe. Ndinaona ngati akudzimana okha makasitomala, ndipo mwina n'zoona.

Koma chomwe chinandikhudza kwambiri ndi nkhani ya dirowa. Tsiku lotenga katundu, dirowa ya ndalama inakana kutseka, inali yaikulu pang'ono. Anaipanga ndi mnyamata wophunzira ntchito, wamng'ono ndithu, ndipo ndinamuona akuzolika, manja akupukuta pa ovololo. Ndinkayembekeza kuti amukalipira pamaso panga, monga ambirife timachitira pofuna kuti kasitomala aone kuti vuto si lathu. Bamboo anangoti, "Pepani mayi, muyeso uwu sindinauonenso, ndalakwa ndine." Kenako anamuyitana mnyamata uja, n'kumupatsa chopalira, iwo atagwira dirowayo. Anapala kawiri katatu, kuyesa, kupalanso, mpaka inalowa bwinobwino. Palibe anakweza mawu. Ine ndili ndi mtsikana wogulitsa m'golosale, ndipo kangapo konse ndamudzudzulapo pa nkhani ya chenji makasitomala ali pamzere. Ndinakumbuka zonsezo nditaima pa utuchi paja.

Tsopano zodandaula. Pa shopu imeneyi palibe chimayenda bamboo akachokapo. Foni ya bizinesi ndi yawo ya m'thumba, ndipo akakhala pa makina simungawapeze. Nthawi ina anapita kumaliro ku Rumphi masiku anayi, ine ndikufuna kuwonjezera shelefu imodzi. Panali kalipentala wamkulu, waimvi, amene wagwira nawo ntchito zaka zambiri ndipo luso lake n'losakayikitsa, koma sakanatha kunditchulira mtengo wa shelefu imodzi yokha. Eni shopuwo anthu awo anawaphunzitsa kukana thabwa laliwisi ndi kunena zoona kwa kasitomala, koma kuwakhulupirira ndi buku la malisiti akadali kuopa. Ndinawauza maso ndi maso kuti tsiku lina akadzagona m'chipatala shopuyi idzagona nawo. Anaseka, n'kuti akuganizira.

Zina ndi zing'onozing'ono. Mkati mwa mashelefu sanasalalitse mokwanira, moti mapaketi a ufa amakodwa. Galimoto yoperekera katundu alibe, mupeze nokha. Mtengo wawo ndi wokwererapo kuposa wa makalipentala a m'mbali mwa msewu ku Chibavi kapena ku Zolozolo, ndipo sanenerera. Ngati mukufuna mipando ya ukwati wa Loweruka likubwerali, pitani kwina. Apa mupite miyezi iwiri isanakwane nthawi yomwe mukufuna katunduyo, makamaka m'nyengo ya mvula.

Mwezi watha ndinabwererako kukafunsa za tebulo lodyera kunyumba. Bamboo anali atapita kukagula matabwa. Kalipentala waimvi uja anandilandira bwino, anandipatsa mpando, anajambula tebulolo pa kachidutswa ka thabwa mmene ndimalifunira. Nditafunsa mtengo anakanda m'mutu.

"Mayi, dikirani pang'ono abwere."