Mafulashi ojambulira zithunzi awiri aja patatha miyezi 14: yakumanja ndi yokhulupirika, yakumanzere ili ndi nthenda

Mnzanga amene tinayambira limodzi zojambulazi ananditumizira uthenga Lachiwiri usiku. Sukulu ina yamupatsa ntchito yojambula matimu ake onse, ndiye ankafunsa kuti, "Aise, mafulashi ako aja ndigule omwewo?" Ndinalemba kuti gula, n'kufufuta. Ndinalemba kuti usayerekeze, n'kufufutanso. Patebulo pomwepo panali pepala lochokera kwa wogulitsa, londiuza ndalama zoti ndilipire kuti fulashi imodzi ikonzedwe, ndipo ndinaona kuti yankho lake silingakwane pafoni. Ndilinso ndi ngongole kwa inu amene munawerenga zimene ndinalemba nditangowagula, muja ndinawatamanda ngati agwa kuchokera kumwamba. Nthawi imeneyo n'kuti nditawagwiritsa ntchito masabata atatu okha.

Kwa amene simunaone zoyambazo, ndinagula mafulashi awiri a batire a 200Ws (muyeso wa mphamvu yake) iliyonse, trigger yake (kachipangizo kothwanimitsa mafulashi ukadina) yokhala pamwamba pa kamera, masitandi awiri, maambulera oyera awiri ofewetsa kuwala ndi chikwama, zonse kwa wogulitsa mmodzi. Ntchito yanga yambiri ndi yojambula matimu a sukulu: mpira wamiyendo, wamanja, volebo, othamanga. Ana 15 kapena 25, mizere iwiri kapena itatu, kochi kumapeto, chikho pakati ngati chilipo.

Zimene zikuyenda bwino sindichedwa nazo. Mabatire sanandithereko pakati pa ntchito, ngakhale tsiku limene ndinajambula matimu asanu ndi anayi. Trigger imalola kusintha mphamvu ya fulashi iliyonse uli pakamera pomwepo, osathamangira kusitandi. Mtundu wa kuwala ndi umodzi pa mafulashi onse, jezi yoyera imatuluka yoyera mbali zonse. Zipi ya chikwama inafa mwezi wachitatu chigulireni, koma imeneyo sindiiwerengera.

Kuti mumvetse chifukwa chake nthenda ya fulashi imodzi imandipweteka chonchi, muyenera kudziwa mmene ntchitoyi imakhalira. Sukulu sizikupatsa nthawi imene iwe ukufuna. Amakuuza kuti bwerani ana akaweruka, dzuwa lili paliwombo. Ukawayang'anitsa kudzuwa onse amatsinzina, thukuta lili nyezinyezi pamphumi, m'maso muli bii ngati mapanga. Choncho ndimawaika mopatsa dzuwa msana, kuti liwale m'mapewa ndi m'mphepete mwa mitu, kenako nkhope ndimaziwalitsa ndi mafulashi, ina kumanzere kwa kamera ina kumanja, zonse zitakwezedwa pamwamba pa mitu n'kuweramitsidwa pang'ono kuti mthunzi wa mzere wakutsogolo ugwere pansi, osati pankhope za akumbuyo.

Pamenepo mphamvu imafunika yonse. Kamera yanga imagwirizana ndi fulashi mpaka pamene shutter (kachitseko kolowetsa kuwala m'kamera) ili pa 1/250 ya sekondi basi. Padzuwa loswa mtengo, ISO (mmene kamera imamvera kuwala) ili pa 100, shutter imeneyo imakukakamiza kukhala cha pa f/11 (kuchepetsa bowo la lenzi), zomwe zimathandizanso kuti mzere woyamba ndi womaliza yonse ioneke bwino. High-speed sync, njira yolola shutter kuthamanga kuposa pamenepo, ilipo, koma imadya mphamvu yambiri moti pagulu lalikulu ilibe phindu. Ndiye pali nkhani ya mtunda. Ukaika fulashi mamita awiri kuchokera pamzere woyamba, womaliza uli pa mamita anayi, akumbuyowo amalandira gawo limodzi lokha mwa magawo anayi a kuwala kumene akutsogolo alandira. Ukaibweza m'mbuyo kuti ikhale pa mamita 6 ndi 8, akumbuyo amalandira kupitirira theka, kusiyanako sikuonekanso kwenikweni. Koma ukatalikitsa, kuwala konse kumachepa. Mapeto ake panja ndimachotsa maambulera, mafulashi onse ali pa theka kapena pamphamvu yonse, ndipo palibe ina imene ingagwirire inzake ntchito. Imodzi ikapanda kuthwanima, theka la timu lili mumdima.

Nthendayo inayamba mwezi wachisanu chigulireni. Ndinkajambula atsikana a mpira wamanja, atangopambana chikho. Aliyense amene anajambulapo ana 18 nthawi imodzi akudziwa kuti pazithunzi khumi, chimodzi chokha ndi chimene onse amakhala atatsegula maso. Wina amaphethira, wina wayang'ana mnzake, wina akukanda bondo. Tsiku limenelo chithunzi chimenecho chinali chachisanu ndi chiwiri. Kaputeni atakweza chikho, madamu awo amene sanamwetulire chiyambireni anaseka, kamtsikana kakang'ono kakumapeto kanaima njo. Ndinadina, mumtima ndinati basi tapata. Ndinangoyang'ana mothamanga kumbuyo kwa kamera padzuwa lija, sindinaone kanthu kolakwika, n'kuwauza kuti zikomo atsikana, mukhoza kupita.

Usiku pakompyuta m'pamene ndinagwira pakamwa. Mbali yakumanja mbee, yakumanzere nkhope zonse zili mumthunzi, madamu aja akuoneka mano okha. Chachisanu ndi chimodzi chinawala bwino koma atatu anatsinzina. Chachisanu ndi chitatu chinawalanso bwino koma chikho chinali chitatsika kale. Ndinakhala mpaka usiku kwambiri ndikudula mitu pachithunzi china n'kumaika pa chinzake, ntchito imene palibe amakulipira.

Poyamba ndinadziimba mlandu ndekha. Pamphamvu yonse fulashi imafuna masekondi awiri kuti idzazenso, ndiye ndinkati mwina ndinafulumira kudina. Sabata yotsatira ndinkawerenga mpaka katatu mumtima ndisanadine, koma zinachitikanso. Ndinakayikira trigger, n'kusintha mabatire ake. Ndinakayikira mafunde, poti ma trigger amenewa amayenda pa 2.4 GHz monga Wi-Fi, ndipo ndinasintha channel kangapo. Ndinazimitsa zoti fulashi izigona yokha ikakhala osagwira ntchito. Ndinaganizanso zoti ikutentha, chifukwa mafulashi ang'onoang'onowa ukawathwanimitsa motsatizana pamphamvu yonse amadziteteza pochedwetsa kudzaza. Koma yotentha imachita kukuonetsa chizindikiro, ndipo iyi inkachita zimenezi ngakhale m'mawa pachithunzi chachitatu. Chondizunguza mutu chinali chakuti kunyumba, ili patebulo, inkathwanima maulendo 100 osaphonya ngakhale kamodzi.

Ndinaigwira mwangozi. Tsiku lina Loweruka ndinaiika pasitandi, n'kuikweza ndi kuiweramitsa monga ndimachitira kubwalo, ndiye podutsa phazi langa linagunda mwendo wa sitandi. Sikirini yakumbuyo inazima kamphindi, n'kuyakanso. Ndinagogodanso ndi chala, inazimanso. Kachitsulo kotsekera batire sikagwira zolimba, batire limasewera mwina milimita imodzi yokha. Fulashi ikagona chathyathyathya palibe vuto, koma ikaweramira pansi kulemera kwa batire kumalikoka, ndipo kamphepo kakangogwedeza sitandi magetsi amaduka. Imayambanso yokha, n'chifukwa chake ukapita kukaiona umaipeza ikuyaka ngati yosalakwa. Kakulira kake kosonyeza kuti yadzaza sungakamve pabwalo pali ana 20 akulongolola. Ndinasinthanitsa mabatire a mafulashi awiriwo kuti nditsimikize. Nthenda inatsalira kumanzere komweko, kusonyeza kuti vuto si batire koma fulashi yeniyeniyo.

Mankhwala ake ndinadula kampira ka chubu cha njinga n'kumanga batire ndi thupi la fulashi pamodzi. Kamagwira, ngakhale si nthawi zonse, ndipo padzuwa kamatha msanga, mwezi uliwonse ndimadula kena. Koma taganizani, wafika pasukulu ndi katundu wodula, ahedi aima pambali akuona, iwe ukukulunga mpira ngati ukumanga katundu pakaliyala. Goloboyi wina wamng'ono anandiyang'anitsitsa ndikumanga, kenako anafunsa mwachifundo, "Ankolo, yavulala?" Ndinati eya, yavulala, koma isewera.

Tsopano za wogulitsa. Pogula anali munthu wokoma pakamwa, anandiuza kuti waranti ndi ya miyezi 12, chilichonse chikavuta ndingobwera ndi lisiti. Ndinapita mwezi wachisanu ndi chinayi, nditadziwa bwino chimene chikuvuta. Anailandira, anakhala nayo masabata atatu, masabata amene ndinabwereka fulashi kwa munthu n'kumulipira. Pobweza anati, "Bwana, taiyesa, ilibe vuto." Ndinafunsa kuti mwaiyesa bwanji. Anaiika pakauntala, anadina kabatani koyesera kasanu, inathwanima kasanu, anandiyang'ana. Ndinati tiiike pasitandi muone. Anati sitandi yoyesera palibe, komanso amene amadziwa zimenezi watuluka.

Apa m'pamene pakamwa panga pananditsutsa. Pofuna kuonetsa kuti ndine munthu wachilungamo, ndinamuuza kuti katunduyu ndimamusamala, kupatula tsiku limodzi lokha pamene mphepo inagwetsa sitandi. Zinachitikadi mwezi wachisanu ndi chimodzi: ndinatsegula ambulera panja osaika thumba la mchenga pamiyendo ya sitandi, mphepo inalowa muambulera, zonse zinagwa khu, nthiti ziwiri za ambulera zinathyoka. Kulakwa kunali kwanga. Koma imene inagwa ndi yakumanja, imene mpaka lero sinaphonyepo ngakhale kamodzi, ndipo ili ndi chipsera pakona chochitira umboni. Yakumanzere sinakhudzepo pansi. Wogulitsa anangomva mawu akuti inagwa, ena onsewo anamudutsa. Kuyambira tsiku limenelo, nkhani iliyonse inkayamba ndi, "Paja munati inagwa."

Ndinabwereranso mwezi wa 11 nditanyamula sitandi yanga ndi kavidiyo koonetsa sikirini ikuzima. Anaonera kavidiyoko kawiri, anavomera kuti zikuoneka, anati alankhula ndi amene amawatumizira katundu ndipo andiimbira. Sanaimbe. Ndikaimba, mawa. Ndikalemba uthenga, ukuonetsa kuti wawerengedwa, yankho zii. Yankho linabwera mwezi wa 13, laulemu kwambiri, lakuti chotsekeracho chikhoza kusinthidwa koma poti waranti inatha, ndilipire ndekha. Ndalama zake zikuyandikira gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa fulashi yatsopano. Pepala lija ndi limeneli. Ndinamukumbutsa kuti ndinadandaula waranti isanathe. Anati m'buku mwawo munalembedwa kuti inayesedwa ndipo inapezeka yabwino. Ine ndinalibe kalikonse kolembedwa kosonyeza zimene ndinadandaula tsiku loyamba lija, ndinangoipereka pamanja pokhulupirirana. Anandigwiritsa fuwa lamoto ndikuona.

Ndikanalemba izi tsiku limene uthengawo unafika, bwenzi ndikukuuzani kuti ndi zinyalala. Koma Lachisanu lapitali ndinajambula timu ya volebo muholo ya sukulu, mmene magetsi ake amapangitsa khungu kuoneka lobiriwira. Ndinaika shutter pa 1/200, f/8, magetsi a muholomo anangotheratu pachithunzi, kunatsala kuwala kwa mafulashi okha. M'nyumba mulibe mphepo, ndiye ndinatsegula maambulera onse, mphamvu ili pa kota chabe, akudzaza nthawi yomweyo. Mnyamata wina wa magalasi ankanyezimira m'maso, ndinakweza sitandi pang'ono n'kumuuza aweramitse chibwano, kunyezimira kunachoka. Zithunzi 60, palibe chinaphonya. Kochi wawo ataona kumbuyo kwa kamera anaitana anzake kuti adzaone, ndipo makolo anaitanitsa zithunzi zambiri kuposa sukulu ina iliyonse chaka chino. Pobwerera ndinkaona chikwama chija ndi chikondi, zipi yake yakufayo ndi zonse.

Ndikawerengera ndalama mosakondera, mafulashiwa anabweza zimene ndinagulira mkati mwa miyezi isanu ndi iwiri. Zithunzi za fulashi yapakamera zimene ndinkajambula kale, zija nkhope zimaoneka ngati zaphwathalala ndipo akumbuyo ali mumdima, sindingabwererenso. Koma pamwamba pa mtengo wake muikepo masabata atatu obwereka, ambulera yatsopano, matumba a mchenga amene ndikanayenera kugula tsiku loyamba, maulendo anayi opita kwa wogulitsa, ndi usiku wonse umene ndakhala ndikusamutsa mitu ya ana pakompyuta. Kutchipa kuja kwachepa ndithu. Ndipo chimene sindingachiike pamtengo n'chakuti panopa ndikadina, diso limodzi limakhala pafulashi yakumanzere m'malo mokhala pa ana.

Mnzanga uja ndinamuimbira m'malo molemba. Ndinamuuza kuti mtundu wa mafulashiwo akhoza kugula, chifukwa mwa awiri anga imodzi yapirira ngakhale kugwa, koma asakagule kumene ndinagula ine. Akagula, tsiku lomwelo aziike pasitandi, aziweramitse, agogode sitandiyo uku akuyang'ana sikirini. Chikavuta chilichonse alembe uthenga wofotokoza vutolo ndi deti lake asanapite nazo, ndipo polankhula ndi wogulitsa asatchule mawu akuti kugwa ngakhale akunena za mvula. Anaseka, n'kufunsa ngati ndilipire zokonzetsazo. Ndinati sindinaganize. Lolemba ndili ndi matimu anayi a mpira wamiyendo pabwalo lopanda ngakhale mtengo umodzi wotchinga mphepo, ndipo chubu chija chatsala kachidutswa kokwana maulendo awiri.