Ndemanga: The Code Book, buku loyambira kwa ofuna kuphunzira cryptography (luso lobisa ndi kumasula mauthenga achinsinsi)

Ndinagula The Code Book ya Simon Singh nditatopa ndi mabuku amene amakuthira masamu patsamba loyamba lenilenilo. Ili limayamba ndi nkhani ya Mary, mfumukazi ya ku Scotland, amene makalata ake achinsinsi anagwidwa n'kumasuliridwa, mpaka anadulidwa mutu mu 1587. Pomwepo umadziwiratu kuti kubisa uthenga ndi nkhani ya moyo ndi imfa.

Gawo limene linandigwira mtima ndi la Al-Kindi, katswiri wa ku Baghdad wa zaka za m'ma 800. Iye anaona kuti chilankhulo chilichonse chili ndi zilembo zimene zimabwerabwera kuposa zinzake, ndiye ngakhale uzisinthanitse, munthu wakhama akugwira ndithu. M'Chingelezi chilembocho ndi E. Ine ndinatenga pensulo ndi kope, n'kulemba uthenga wa Chichewa posuntha chilembo chilichonse malo atatu monga ankachitira Julius Caesar, kenako ndinapatsa mng'ono wanga wa Fomu 3. Anawerengera zilembo zija, anaona kuti D wachuluka, nati, "Achimwene, uyu ndi A." Tiyi asanazizire, uthenga wonse unali poyera.

Za Enigma, makina amene asilikali a ku Germany ankabisira mauthenga pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, zafotokozedwa bwino, ndipo ndinakondwa kuti wolemba sanaiwale Marian Rejewski wa ku Poland, amene anayamba kuthyola chinsinsi cha makinawa mu 1932, Alan Turing ndi anzake a ku Bletchley Park, malo omasulira mauthenga achinsinsi ku England, asanalowepo.

Koma chimene ndimaliyamikira kwambiri ndi public key, njira yobisira uthenga ya makiyi awiri: wotsekera, amene aliyense angamudziwe, ndi wotsegulira, amene ndi wachinsinsi. Kwa nthawi yaitali sindinkamvetsa kuti anthu awiri amene sanaonanepo angatumizirane bwanji chinsinsi pa intaneti. Chitsanzo cha loko chinanditsegula mutu: aliyense angatseke loko pongoidina, koma woitsegula ndi mwini kiyi yekha. Nditafika pa RSA, njira ya public key ya mu 1977, ndinachita kuwerenga kawiri, pang'onopang'ono, ndipo ndinamva.

Vuto la bukuli ndi msinkhu. Linatuluka mu 1999, choncho simupezamo AES (njira yobisira mauthenga imene inakhazikitsidwa pambuyo pake) kapena mmene WhatsApp ndi Signal zimatetezera mauthenga, komanso silikuphunzitsani kulemba pulogalamu ya pakompyuta. N'chifukwa chake ndalipatsa nyenyezi 4 mwa 5.

Kumapeto kuli mauthenga 10 obisika oti munthu ayeserepo. Awiri ndamasula kale, wachitatu ndikulimbana nawobe madzulo aliwonse ndikaweruka kuntchito.