Kuchotsa ng'ala: lensi iti ikuyenera ife a pool?

Madala anzanga a pool amene maso ayamba kuchita chifunga, adokotala anena kale kuti ndi ng'ala, pali nkhani imodzi imene ambiri amaimva mochedwa bandeji ili kale pa diso. Opaleshoni ija sikuti amangopala choyeracho n'kukubwezani kwanu ayi, amachotseratu lensi yanu yobadwa nayo imene yachita mbuu ija n'kulowetsamo kagalasi kapulasitiki, ndipo kameneko mukhala nako moyo wanu wonse. Nde kagalasi kameneka sikasinthasintha kokha kuti pano kaone patali pano kaone pafupi, kali ndi mtunda wake pomwe kamaonetsa bwino kwambiri, kwinako ndi mwa apo ndi apo. Funso lonse lagona pamenepo, mtunda umenewo ukhale pati.

Munthu wamba amafuna ziwiri, kuona msewu ndi kuwerenga foni kapena Baibulo. Ife zathu zili pakatikati. Tayezani nokha mukaweramira tebulo chibwano chili pa ndodo. Matebulo ambiri a m'mabala mwathu muno, kuyambira pa Dyeratu, Nchalo, Ngabu mpaka Bangula, ndi aja ang'onoang'ono a mafiti 7, posewererapo sipakwana mamita awiri m'litali. Ndodo ndi pafupifupi mita ndi theka. White, mpira woyera umene timaumenya ndi ndodo, amakhala pa masentimita 60 kapena 80 kuchokera pa diso, mpira umene mukuufuna uli pa mita imodzi, imodzi ndi theka, shoti yaitali ya kona ndi kona mamita awiri ndi kakuti. Palibe chimene tikuyang'ana pa masentimita 35 owerengera nyuzi, palibenso chili pa mamita 6 pomwe amapachika zilembo zoyezera maso kuchipatala. Komanso ife sitifuna kungoona kuti mpira uwo uli apo, timafuna m'mphepete mwake muoneke mwakuthwa, chifukwa shoti yongoukhudza m'mbali ija imaphonyedwa ndi mamilimita awiri okha.

Pa mitundu ya malensi, yoyamba ndi monofocal, ya mtunda umodzi, ndipo kunena zoona iyi nde imene ambirife tidzapatsidwe, tifune tisafune. Mukapanda kunena kanthu amaitchera patali, nambala 0 pa manambala aja oyezera magalasi a maso. Msewu bho, mpira pa TV bho, nkhope ya munthu ali tsidya la msika mumaizindikira, ndipo pa malensi onse iyi ndiyo imaonetsa moyera kwambiri chifukwa kuwala konse kukupita malo amodzi. Pa tebulo? mpira wakutali uli bwino, koma white ndi nsonga ya ndodo zimachita kachifunga pang'ono. Ena sizimawasokoneza n'komwe, makamaka aja amaimirira pang'ono posewera ndipo diso amaliika pa mpira wakutsogolo. Koma ngati ndinu oika chibwano pa ndodo, okonda kumenya white m'munsi kuti abwerere m'mbuyo, mudzakhala mukumva kuti china chake chikusowa.

Nde pali njira ina ya lensi yomweyomweyo imene anthu ambiri sadziwa kuti angathe kupempha, kuikokera pafupi pang'ono. Masamu ake ndi osavuta, diso la -0.50 limaona bwino kwambiri pa mamita awiri, la -0.75 pa mita imodzi ndi masentimita 30 chakuti, la -1.00 pa mita imodzi ndendende, la -2.50 pa masentimita 40. Mukaona manambalawa tebulo lathu lagwera pakati pa -0.50 ndi -1.00. Ine ndimaima pa -0.75 maso onse awiri kwa munthu amene pool ndiye moyo wake, kapena -0.50 ngati amayendetsanso njinga yamoto. Lensi ndi yomweyo, mtengo ndi womwewo, kungosintha mphamvu yake basi. Chimene mwataya nchakuti zikwangwani zakutali usiku zimafuna magalasi, ndipo foni idzafunabe magalasi owerengera. Koma taganizani, kuvala magalasi poyendetsa ndi kuvala magalasi pa pool chosautsa nchiti?

Amene anasewerapo ndi magalasi akudziwa. Ukawerama, maso amayang'ana pamwamba pa fulemu, nde ukuona mpira ndi diso lopanda thandizo, kapena fulemu yeniyeniyo yadutsa pakati pa mpira, ndi thukuta la kuno la mu October magalasi akutsetsereka pamphuno shoti iliyonse. A bifocal kapena aja a progressive nde ndi zoseketsa, mbali yoonera pafupi ili m'munsi pomwe iwe ukuyang'anira m'mwamba. Dennis Taylor, amene anapambana Steve Davis 18-17 pa bulaki womaliza mu fainolo ya snooker ya dziko lonse ku Sheffield mu 1985, ankavala magalasi aakulu okwera mpaka pachipumi ngati awatembenuza, chifukwa cha vuto lomweli. Otero mutha kupangitsa, koma ine ndikuti bola tebulo muzilionera diso lokha.

Tsopano multifocal ndi trifocal, aja otchuka kuti magalasi mutayiretu. PanOptix ya Alcon mwachitsanzo inapangidwa kuti izionetsa patali, pa masentimita 60 ndi pa 40. Pa pepala zikumveka ngati zathu, white pa 60 uja. Koma kagalasi kake kali ndi timizere tozungulira timene timagawa kuwala, ngati madzi a mu ngalande imodzi mwawapatutsira m'minda itatu, munda uliwonse walandira koma palibe wakhuta. Masana panja simungaone vuto. Vuto ndi malo athu osewerera, babu limodzi lolendewera pamwamba pa tebulo, nsalu yakale yoderako, magetsi akathima nde kanyale ka sola kapena tochi ya foni wina wakugwirira. Pamenepo m'mphepete mwa mpira mumafewa, babu limakhala ndi mkombero wowala, ndipo kadontho kowala kali pamwamba pa mpira uliwonse nakonso kamatha kumwazika. Komanso chapakati pa mita imodzi ndi mamita awiri, pomwe shoti zathu zambiri zili, si pomwe malensi amenewa amalimba kwambiri. Ubongo umazolowera pakapita miyezi kwa anthu ambiri, sindikukana, koma si onse, ndipo kuchotsa lensi imene yakhazikika kale m'diso ndi opaleshoni ina yovutirapo. Onjezani ulendo wobwerera kunyumba usiku pa M1, mathiraki a nzimbe akubwera ndi nyale zonse, nyale iliyonse ili ndi mkombero wake. Kulipira ndalama zambiri chonchija kuti muziwerenga WhatsApp opanda magalasi koma bulaki mukumuona mofewa, kwa ine sizikugwira.

Komanso si diso lililonse limaloledwa multifocal. Ngati shuga yakhudza kumbuyo kwa diso, ngati muli ndi glaucoma, ngati pagalasi lakutsogolo la diso pali chipsera, dokotala wabwino adzakukanizani. Za zipserazi kuno ku chigwa si nkhani yachilendo, nthenda ya maso ya trachoma inavuta kwambiri ku Chikwawa ndi Nsanje kalekale, ndipo ngakhale WHO inalengeza mu 2022 kuti Malawi wathana nayo, amene nsidze zinawakanda diso zaka zimenezo chipsera anatsala nacho.

EDOF nde ya pakati, siigawa kuwala patatu koma imatalikitsa malo oonekera bwino kuchokera patali kufika cha pa mkono wotambasula, kuwerenga tizilembo ting'onoting'ono kumafunabe magalasi. Pa malensi odula onse iyi ndiyo ikugwirizana ndi tebulo. Mwa malensi a EDOF, Vivity ilibe timizere tija nde mikombero ya usiku ndi yochepa, Symfony ili nato ndipo ena amadandaula za kunyezimira kwa nyale. Palinso Tecnis Eyhance, imene kwenikweni ndi monofocal yoonjezera pang'ono mtunda wapakati, kuyera kwake pafupifupi ngati monofocal wamba. Wina atandipatsa ndalama n'kunena kuti sankha, ndingatenge Eyhance kapena Vivity yokokera pa -0.50. Koma izi ndi za zipatala za pulayiveti, muyenera kufunsiratu ngati amaitanitsa, ena mpaka amapitira ku Johannesburg kapena ku India, ndipo kusiyana kwake ndi monofocal yotchera bwino si kwakukulu monga kusiyana kwa mtengo.

Monovision ndi ija diso limodzi amalitchera patali lina pafupi, mwina -2.00, kuti musamavale magalasi. Kwa aphunzitsi kapena a mu golosale ndi nzeru yabwino. Kwa ife ayi. Maso awiri akamaona mosiyana chonchi, kuyeza kuti chinthu chili kutali bwanji kumachepa, ndipo mphamvu ya shoti, kuti white akaime pati, imadalira pamenepo. Choipitsitsa ubongo umatha kusintha diso lotsogolera pakati pa shoti, pa white ukugwiritsa la pafupi, pa mpira wakutsogolo la patali, mzere nkusuntha iwe osadziwa. Kusiyana kochepa, lina 0 lina -0.75, ambiri amakwanitsa ndipo kumapereka msewu ndi tebulo pamodzi, koma osapitirira pamenepo. Musanapite kuchipatala dziwani diso lanu lotsogolera, pangani kabowo ndi manja onse awiri mutatambasula, yang'anirani babu pakabowoko maso onse ali otsegula, kenako tsinzinani limodzilimodzi. Diso limene likatsala lotsegula lokha babu silithawa pakabowoko ndilo lotsogolera, ndipo kawirikawiri ndi lomwe mumaliika pamwamba pa ndodo.

Toric si mpikisano ndi enawa, ndi choonjezera kwa amene ali ndi astigmatism, galasi lakutsogolo la diso silinabulungike mofanana. Astigmatism ndi mdani weniweni wa pool chifukwa mpira umaoneka ndi kamthunzi mbali imodzi. Ikakhala yochuluka toric imathandiza zedi, kungoti imafuna kuikidwa molunjika bwino, ikazungulira ndi madigiri 30 phindu lonse latha. Ngati toric palibe, magalasi amakonza.

Nanga zenizeni za kuno? Mumayambira kwa a maso pa chipatala cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje, akakutumizani nde kukwera mapiri a Thabwa kupita ku Gulupu, ku chipatala cha maso cha Lions kuja, kapena kudikira madokotala akamabwera kudzapanga maopaleshoni konkuno. Ena amapita mpaka ku Nkhoma komwe kumatchuka ndi za maso. Kuboma ndi ulere, ndipo njira yofala ndi yocheka pang'ono cha m'ma milimita 6 kapena 7 n'kulowetsa lensi yolimba ya PMMA. Musaiderere poti ndi yotchipa. Pulasitiki ameneyu ndi amene Harold Ridley anayambira ku St Thomas' Hospital ku London mu 1949, ataona kuti tizidutswa ta magalasi a ndege tolowa m'maso mwa oyendetsa ndege za nkhondo sitinkavunditsa diso, ndipo zinatchipa pomwe mafakitale ngati Aurolab ya ku Madurai ku India, imene inayamba mu 1992, anayamba kupanga zambirimbiri. Njira inayo ndi phaco, makina ophwanya ng'ala kudzera pa kabala ka mamilimita 2 kapena 3 n'kulowetsa lensi yopinda. Phaco imapola msanga ndipo siisiya astigmatism yambiri, kwa ife ndi phindu, malensi odula onse aja amadzera njira imeneyi. Koma ng'ala ikakhwima mpaka kuyera mbee, monga ambirife timadikirira, njira yocheka ija imagwira bwino kwambiri.

Chimene muyenera kulimbikira si dzina la lensi koma kuyezedwa diso opaleshoni isanachitike, kutalika kwa diso ndi kupindika kwa galasi lakutsogolo, amati biometry. Popanda muyezo amangoika ya mphamvu ya anthu ambiri, cha m'ma +21 kapena +22, nde zonse ndanena za -0.75 zija zimakhala za mwayi. Olo atayeza, kuphonya ndi theka la nambala si zachilendo, nchifukwa chakenso kulozera pa minus pang'ono kuli bwino, ikaphonyera uku mwagwera pa 0 muli bho, pomwe wolozera pa 0 akaphonyera ku plus sakuona bwino pena paliponse. Musachite manyazi kunena kuti adokotala, ine ndimasewera pool, ndikufuna kuona bwino pa mita imodzi mpaka awiri. Onetsani ndi manja ngati n'kotheka, werameni pa desiki pomwepo. Mwina aseka, koma amene amawerengera mphamvu ya lensi sangalote yekha.

Maso amapanga limodzi kaye, linalo pambuyo pake, nde gwiritsani ntchito mpata umenewo. Diso loyamba likapola ndipo adokotala alola kuwerama, kaimeni pa tebulo lanu la masiku onse ndi babu lomwelo, tsinzinani lakalelo, onani white, onani mpira wa pa kona yakutali. Mudzadabwanso mitundu, white uja munkamusokoneza ndi wachikasu adzakhala woyera ndithu. Mukaona kuti white akuchita chifunga, diso lachiwiri pemphani alikokere pafupi pang'ono, mukaona kuti kutali nde kwavuta, alikankhire patali. Masabata oyambirira osatikita diso, mankhwala odontheza osadumphitsa, fumbi la choko ndi paudala wa m'manja zitalikire, panja valani magalasi akuda ndi dzuwa la kunoli. Magalasi enieni musathamangire kugula, nambala imakhazikika pakatha masabata 4 mpaka 6. Ndipo pakapita chaka kapena zingapo chifunga chikabweranso musati lensi yawonongeka kapena munasankha molakwa, kawirikawiri ndi kathumba komwe lensi imakhalamo kachita mbuu kumbuyo, amakaboola ndi laser ya YAG mphindi zochepa osachekanso.