Jenereta, inveta ya gel kapena sola ya lithium: mugule chiti?

Anzanga a kutchalitchi ndi a kuntchito sakuleka kundifunsa chimene angagule kuti magetsi akathima filiji isamasungunuke. Ndiyankhe pano kamodzi, chifukwa zonse zitatu zadutsa pakhomo panga ku Chilenje, kuno ku Lusaka, Zambia.

Pa jenereta sindichedwapo. Ndiyotchipa pogula, ndipo imakoka pampu ya pachitsime kapena makina owotcherera zitsulo mosanyinyirika. Koma imadya tsiku ndi tsiku, ndipo mtengo wa petulo a ERB, bungwe la boma loona za mitengo ya mafuta ndi magetsi, amauunika mwezi uliwonse, ndiye simudziwa kuti mwezi wamawa idzakulandani zingati. Pa yadi ya nyumba zogundana, phokoso lake limakudanitsani ndi aneba. Chonde musamaiyatsire m'nyumba kapena pakhonde lotseka, utsi wake umapha anthu ali m'tulo.

Pamene ndili ndi mawu ndi pa inveta (makina osandutsa mphamvu ya m'batire kukhala magetsi a m'nyumba) ya mabatire a gel yopanda mapanelo a sola. Tonse tikukumbukira 2024. Pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chija ndi ngozi ya dziko lonse, madzi anachepa kwambiri mu damu la Kariba, ndipo siteshoni ya Kariba North Bank, ya mamegawati 1,080, inatsala pang'ono kuimiratu. Popeza magetsi athu opitirira 80 peresenti ankachokera m'madzi, pofika September madera ambiri ankaona magetsi maola atatu okha patsiku, nthawi zina pakati pa usiku. Nthawi imeneyi ndi imene ogulitsa mabatire anadyerapo.

Ine anandigulitsa mabatire awiri a 12V 200Ah m'sitolo ina ya m'tauni. Mnyamata wake anandiuza mokoma kuti, "Bwana, awa safuna kuthira madzi, mukaika mwaiwala." Chimene sananene ndi ichi. Batire iliyonse yotere imasunga mayunitsi 2.4, awiriwo 4.8, koma ya gel ndi batire ya mtovu, ndipo batire ya mtovu simuyenera kuitsitsa kupitirira theka. Ndiye kuti mumalipira mayunitsi 4.8 n'kumagwiritsa 2.4 okha. Chachiwiri ndiye choopsa: batire ya gel imadzaza pang'onopang'ono, imafuna maola asanu ndi atatu kapena kuposerapo. Magetsi a maola atatu angaidzaze bwanji? Imangonyambita, magetsi n'kupita, inu n'kuyambanso kuikama. Batire ya mtovu ikamakhala yosadzaza masiku ambiri imachita zokakamira mkati, mphamvu yake n'kumatha osabwereranso.

Chaka chisanathe inveta inayamba kulira ana asanamalize n'komwe homuweki. Nditagwira batire ina m'mbali ndinapeza yatupa, pulasitiki itakankhika, pamutu pali tizinthu toyera ngati mchere. Ndinachita haya galimoto kuwabweza, pakuti batire imodzi yokha imafuna amuna awiri. Pa lisiti analemba chitsimikizo cha chaka chimodzi. Mnyamata yemwe uja anagunditsa kamita kake, n'kunena mosandiyang'ana kuti, "Munawatsitsa kwambiri, bwana, chitsimikizo sichigwira." Ananditchajanso ndalama yopimira! Iwo ankadziwa bwino lomwe kuti Lusaka yense akulandira magetsi maola angati, ndipo ankadziwa kuti aliyense wogula adzawatsitsa. Chitsimikizo chotero n'chongonamizira anthu, ndipo sitolo imeneyo sindidzapondamonso ngakhale kukagula babu.

Sola ya lithium ndi imene ndili nayo pano, ndipo ndivomere kuti ndimaikondera. Batire ya 51.2V 100Ah imasunga mayunitsi 5.12, mutha kugwiritsa 80 kapena 90 peresenti popanda kuipweteka, imadzaza m'maola ochepa, ndipo imapirira kudzaza ndi kutsika kambirimbiri kuposa ya gel. Chachikulu n'chakuti imadzazidwa ndi dzuwa, osati ndi madzi a ku Kariba. Inveta yopanda mapanelo ili ngati mgolo: imangosunga zimene mpopi watulutsa, mpopi ukauma nawonso wauma.

Nayonso ili ndi zobisika zake. Mtengo umene amalemba pa Facebook nthawi zambiri umakhala wa inveta, batire ndi mapanelo basi. Zitsulo zomangira padenga, mawaya okhuthala, mabuleka, chitsulo chokhomera pansi choteteza ku mphezi ndi malipiro a woika, zonsezo zimatulukira mwagwirizana kale. Auzeni alembe zonse pa pepala limodzi musanatulutse ngwee. Mapanelo ayang'ane kumpoto, ndipo kuyambira August mpaka October fumbi la kuno limawakuta, osawatsuka mphamvu imatsika moonekeratu. Masiku a mitambo mu January batire siidzaza msanga. Ngati mukuchita lendi, yambani mwalankhula ndi a landilodi, chifukwa ena salola kuboola malata awo.

Chitofu, giza ndi ayironi musaziike pa sola yaing'ono, imazima pomwepo. Ife timaphikira gasi, mbaula timayatsira nyemba zokha. Ndikaona malole a makala akulowa mumzinda usiku ndi matumba osanjikizana mpaka pamwamba, ndimadziwa kuti kuthima kwa magetsi kukutha mitengo kumidzi, komabe sindinganyoze mayi wa ku komboni ya Kanyama amene alibe pogwira pena.

Ena akuti tidikire boma. Zikuyenda ndithu: siteshoni za sola za Bangweulu ya mamegawati 54 ndi Ngonye ya 34 zinayamba mu 2019 kum'mwera kwa mzinda uno, Chisamba ya 100 inatsegulidwa mu 2025, ndipo kuyambira 2024 pali lamulo lolola wa sola kubweza magetsi otsala ku ZESCO, kampani ya boma ya magetsi. Koma kuphatikiza zitatuzo sikufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo asanu a Kariba North Bank, ndipo zimagwira masana okha.

Wa shopu yowotcherera asunge jenereta yake. Wofuna mababu, TV ndi filiji agule inveta yolandira mapanelo, batire imodzi ya lithium ndi mapanelo awiri kapena atatu, ena adzawonjezera ndalama zikapezeka. Ngati thumba silikufika pamenepo, bola kudikira kapena kulowa chilimba (gulu losonkherana ndalama mosinthana) kusiyana ndi kukatenga gel. Wogulitsa akakukakamizani, mufunseni alembe pa lisiti kuti chitsimikizo chidzagwirabe magetsi akamabwera maola atatu patsiku, muone ngati agwire cholembera.