Bwalo la Lamade ku Williamsport: kulowa n'kwaulere, malo abwino ndi pachitunda

Timu ya ana ya ku America ikapambana Little League World Series, mpikisano wa ana wa baseball (masewero omenya mpira ndi ndodo), aphungu a kwawo amakonda kuiitanira ku nyumba ya malamulo kukaiyamikira. Ulemuwo umachokera pa Howard J. Lamade Stadium ku South Williamsport, Pennsylvania, komwe mpikisanowu umachitikira mu Ogasiti. Kuyambira 2022 pamabwera matimu 20, theka a ku America, theka ochokera kunja. Uganda ndiyo idatsegulira Africa njira mu 2012.

Pakhomo simulipira kanthu, koma mipando ndi ya wofika msanga, ndipo masiku a ndime zomaliza musaidalire. Pitani pachitunda cha udzu kuseri kwa mpanda. Pamenepo mpando wamba umapendekera kutsogolo, n'chifukwa chake odziwa amadula miyendo yakumbuyo kuti ifupike, kapena amangoyala bulangete. Sankhani mbali yotalikirana ndi pomwe ana amatsetsereka pa makatoni, apo ayi muzingowadzambatukira. Mvula ikagwa ponsepo ndi matope okhaokha.

Masewero ake amaoneka bwino chifukwa bwalo ndi laling'ono: mamita 18 pakati pa ma base (malo omwe womenya amathamangira akamenya mpira), 14 kuchoka kwa woponya kufika kwa womenya, ndipo mpanda uli pa mamita pafupifupi 69 kuchoka kwa womenyayo. Zigawo ndi 6, osati 9 ngati za akuluakulu. Chomwe chimasokoneza obwera koyamba ndi kuchotsedwa kwa woponya amene akuchita bwino. Sikuti kochi wabalalika ayi. Mwana wa zaka 11 kapena 12 saloledwa kupitirira mipira 85 patsiku, ndipo akafika 66 ayenera kupuma masiku 4. Kochi wochenjera amamuchotsa asanapitirire 20 kuti mawa aponyenso. Amene akuwerenga mipira amasangalala kuposa ongodikira home run (mpira womenyedwa mpaka kudumpha mpanda).

Bwalo lachiwiri, Volunteer Stadium, lili pafupi kwambiri, moti mutha kuonera masewero angapo tsiku limodzi.

Chodandaulitsa ndi pogona. Williamsport ndi tauni yaing'ono, mahotela amadzaza kudakali miyezi ndipo mitengo imakwera, kotero wochedwa kusungitsa malo amagona kutali n'kumayenda ulendo wautali m'mawa uliwonse. Pachipata amasecha zikwama ndipo mzere umatalika, ndiye nyamulani zochepa. Chipewa musaiwale, pachitunda palibe mthunzi.